Amkhalapakati a Mabuku a Malangizo

Ku London ndi ku New York, mlembi wa buku lolangiza anthu za moyo amayamba wasankha nthumwi yokamulankhulira kwa osindikiza, monga nkhoswe, niidyapo gawo la phindu. Koma kuno kumadzulo kwa Lilongwe ntchito yotere sidakhale ndi mwini wake. Kale, mphunzitsi wa ku Nambuma kapena ku Namitete, akalemba nzeru za banja ndi za kulera ana, ankapereka zolembazo kwa ansembe a pamishoni, popeza iwo ndiwo adali ndi njira yopita ku makina osindikizira a ku Likuni; pamene mnzake wa mpingo wa Dutch, wa ku Nsaru kapena kwa Kabudula, maso ake ankaloza ku Nkhoma. Motero mpingo wa munthu ndiwo unkamusankhira khomo, ndipo langizo losemphana ndi chiphunzitso, ngakhale likome chotani, linkafera m'bokosi.

Khomo lina lidatseguka mu 1948, pamene maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland adakhazikitsa bungwe limodzi la mabuku ku Lusaka, lomwe linkawerenga zolemba za anthu akuda, kuzikonza, ndi kuzipezera osindikiza ngati Longmans ndi Macmillan. Apa mpomwe panafunika kudekha kwa woona maso a nkhono, pakuti makalata ankachedwa, ndipo bungwelo linkakondera mabuku oyenera m'sukulu. Kukondera kumeneku, m'kuona kwanga, ndiko kudachititsa kuti malangizo ambiri avale nthano, monga m'mabuku a E.W. Chafulumira, ndipo ngakhale Kukula ndi Mwambo, buku la J.W. Gwengwe lotuluka mu 1965, lidafika m'midzi muno kudzera m'manja mwa ana a sukulu.