Kuchotsa dzino: zimene zimachitika ndi kasamalidwe ka bala

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo mosiyana ndi mano 20 a ubwana, dzino la ukulu likachoka silimeranso. N'chifukwa chake dokotala wa mano amayamba waona ngati dzinolo lingapulumuke pomata bowo kapena poyeretsa m'mizu mwake. Kulizula ndi njira yomaliza.

M'zipatala za boma m'dziko muno, ntchitoyi imagwiridwa kwambiri ndi akatswiri a mano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano adayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences.

Zifukwa zochotsera dzino

Dzino limachotsedwa likabooka mpaka kufika pa mtsempha ndipo silingakonzeke, likasweka mpaka ku muzu, kapena likayamba kugwedera chifukwa matenda a nkhama adya fupa lolichirikiza. Mano anayi a kumapeto kwa nsagwada, omwe nthawi zambiri amamera pakati pa zaka 17 ndi 25, nawonso amachotsedwa akasowa malo n'kumera mopingasa.

Kuzengereza n'koopsa. Ululu ukaleka wokha, mwina mtsempha wafa koma tizilombo tikadalipo. Mafinya ochokera ku dzino la m'munsi atha kufalikira pansi pa lilime ndi m'khosi mpaka kutseka njira yopumira.

Mmene amachotsera

Wodwala ayenera kunena ngati ali ndi matenda a shuga, a mtima, othamanga magazi, ngati ali woyembekezera, kapena ngati akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin ndi aspirin.

Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, kawirikawiri wa lidocaine, ndipo amadikira mphindi zingapo kuti agwire. Dzino limakhala m'dzenje la fupa, lomangidwa ndi timinyewa tating'ono. Dokotalayo amalowetsa kachitsulo pakati pa dzino ndi fupa kuti timinyewato tiduke, kenako amaligwira ndi chopanira n'kuligwedeza pang'onopang'ono mpaka litazuka. Wodwala amamva kukanikiza, osati ululu. Ukamveka, anene kuti awonjezere mankhwala. Dzino lobisika m'fupa limafuna kucheka nkhama, mwina kuligawa m'zidutswa, ndi kusoka.

Ena amaopa kuti kuzula dzino la m'mwamba kumaononga maso. Izi si zoona, pakuti mtsempha woonera ndi wosiyana ndi mitsempha ya mano.

Kasamalidwe ka bala

Kupola kwa bala kumadalira magazi amene amaundana m'dzenjemo. Magaziwo amaphimba fupa, ndipo mnofu watsopano umamera pamenepo.

Wodwala alume kansalu kamene wapatsidwa kwa mphindi pafupifupi 30. Kwa maola 24 oyamba asachukuche m'kamwa, asalavule mwamphamvu, asamwe mowa kapena zotentha kwambiri, ndipo apewe ntchito zolemetsa monga kulima. Asagwire balalo ndi chala kapena lilime. Adye zofewa monga phala lozizirako, nthochi kapena mbatata yophika, akutafunira mbali inayo. Fodya amupewe kwa masiku atatu kapena kuposerapo.

Tsiku likatha, achukuche mofatsa ndi madzi ofunda othira theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu, makamaka akatha kudya. Paracetamol amachepetsa ululu, koma aspirin wogula yekha asamwe chifukwa amawonjezera kutaya magazi.

Magazi oundanawo akachoka msanga, fupa limakhala pamtunda. Pakapita masiku awiri mpaka anayi, wodwala amamva ululu waukulu wofika m'khutu, ndipo m'kamwa mumanunkha. Dokotala amatsuka dzenjelo n'kuikamo mankhwala.

Nthawi yobwerera kuchipatala

Abwerere msanga ngati magazi sakuleka ngakhale waluma kansalu, ngati kutupa kukukulirakulira patatha masiku atatu, thupi latentha, kapena dzanzi la mlomo silikutha tsiku lotsatira. Wovutika kumeza kapena kupuma athamangire kuchipatala nthawi yomweyo.

Nkhama imatseka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, koma fupa limatenga miyezi ingapo kuti lidzaze dzenjelo. Mpata ukakhalitsa, mano oyandikana nawo amayamba kupendekera komweko, motero ndi bwino kufunsa dokotala za dzino loikirira bala likangopola.