Tayala lowonda kapena lonenepa: mkangano umene udayamba agogo athu asanabadwe

Lachiwiri lapitali ndidakhalitsa pansi pa mtengo wa mango pamsika pathu, pamene amakonzera njinga, kudikira kuti andimatire chubu. Ndili pomwepo padabuka mkangano. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu wagula njinga ya kaunjika, zija za mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, matayala ake owonda ngati chala chachikulu cha kumanja. Adagulitsa soya wake yense kuti aigule. Iye amati tayala lowonda, lopopedwa mpaka kulimba ngati mwala, ndilo limathamanga. Anyamata a kabaza amati ayi, kathamangire nayo ku Lilongwe, kuno ikugwetsa pa mchenga wa kudambo.

Mkanganowu udandisowetsa tulo. Ine sukulu ndidalekezera sitandade 7, koma chidwi sindidasiye. Mphwanga amene amaphunzitsa ku sekondale adandithandiza kufufuza pa foni, n'kumandimasulira pamene Chingerezi chandikanika. Ndapeza kuti zimene timakangana pansi pa mango paja, azungu akhala akukangana kwa zaka zoposa 130.

Njinga yoyamba yodziwika bwino adaipanga Karl von Drais ku Germany mu 1817. Idali yamatabwa, yopanda mapedulo. Munthu ankakhalapo n'kumakankha pansi ndi mapazi. M'zaka za m'ma 1860 ku France adaikapo mapedulo, koma magudumu adali amatabwa okutidwa ndi chitsulo ngati a ngolo zakale. Ikamayenda pa msewu wa miyala, wokwera ankangonjenjemera thupi lonse, moti Angerezi adaipatsa dzina lotanthauza kuti chogwedeza mafupa. Kenako m'ma 1870 kudabwera ija timaiona pa zithunzi, gudumu lakutsogolo lalitali kufika pachifuwa, lakumbuyo kakang'ono. Imeneyi idali ndi mphira, koma mphira wagwa, wopanda mpweya mkati. Gudumu lalikululo linkathandiza kuthamanga komanso kudutsa pa miyala, koma ukagwa unkagwa chamutu. Njinga yofanana ndi yathuyi, ya magudumu awiri pafupifupi ofanana ndi tcheni chopita kumbuyo, adaitulutsa John Kemp Starley mu mzinda wa Coventry ku England mu 1885. Idali yosagwetsa, koma inkapwetekabe msana chifukwa cha mphira wagwa uja.

Amene adasintha zinthu sadali katswiri wa njinga ayi. Adali dokotala wa ziweto, John Boyd Dunlop, wobadwira ku Scotland koma ankagwira ntchito ku Belfast, ku Ireland. Mwana wake adali ndi kanjinga ka magudumu atatu kamene kankamugwedeza kwambiri. Bambowo adapanga chubu cha mphira, n'kuchipopa, n'kuchikulunga ndi nsalu pa gudumu la thabwa. Nkhani yake imakambidwa kuti adagubuduza magudumu awiri pabwalo la nyumba yake, la mphira wagwa ndi la mpweya. Lagwa lija lidaima msanga n'kugwa, koma la mpweya lidapitirira mpaka kukagunda kuchipata. Mu 1888 adalembetsa ku boma luso lakelo. Pambuyo pake zidadziwika kuti munthu wina wa ku Scotland komweko, Robert William Thomson, adali atalembetsa kale tayala la mpweya mu 1845, kungoti nthawi yake lidalibe msika.

Tsono tamvani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanga. Matayala a Dunlop adali onenepa poyerekeza ndi timphira towonda timene othamanga ankagwiritsa ntchito, ndipo anthu ankawaseka. Maganizo awo adali omwe aja a mnyamata wa kwathu: chofewa ndi chonenepa sichingathamange. Mu 1889 wopalasa wina dzina lake Willie Hume adalowa mpikisano ku Belfast ndi matayala osekedwawo, ndipo adapambana mipikisano yonse inayi imene adalowa tsiku limenelo. Kuseka kudathera pomwepo. Mu 1891 abale awiri a ku France, a banja la Michelin, adapanga tayala lotheka kuvula ndi kumata msanga, ndipo Charles Terront adapambana nalo mpikisano wochoka ku Paris kukafika ku Brest n'kubwerera. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200, woposa kuchoka ku Blantyre kukafika ku Karonga, ndipo adaumaliza m'masiku atatu, pa misewu imene sidali ya phula.

Pano ndiyenera kunena mawu amodzi owawa. Dziko lonse litayamba kufuna matayala, mphira udakwera mtengo, ndipo ena mwa amene adalipira ndi anzathu a ku Congo. Mfumu Leopold II ya ku Belgium, imene idalamulira dzikolo ngati munda wake kuyambira 1885 mpaka 1908, inkakakamiza anthu kukakama mphira m'nkhalango, ndipo m'midzi yolephera kukwanitsa mlingo anthu ankaphedwa, ena kudulidwa manja. Pokamba mbiri ya tayala tisamaiwale zimenezi.

Tibwerere ku mkangano wathu. Njinga zimene zidafika kuno, za Raleigh ndi Humber zimene abambo athu ankabwera nazo kuchokera ku Halale ndi ku Joni, kenako za ku India ndi ku China, zambiri zidali ndi tayala lolembedwa kuti 28 x 1½. Tayang'anani pambali pa tayala lanu, mwina nambala imeneyi ilipo mpaka lero. Nambala yachiwiriyo ndiyo kunenepa kwake, inchi imodzi ndi theka, kapena mamilimita 38. Adazipanga choncho chifukwa zidali njinga zantchito, zoyenda pa misewu yoipa ndi katundu.

Koma kwa othamanga a ku Ulaya, misewu itayamba kusalala ndi phula, maganizo akale aja adabwereranso. Tayala lidayamba kuwonda chaka ndi chaka. Pofika m'ma 1980 ndi 1990 ambiri ankathamangira la mamilimita 23, ena 20 kapena kucheperapo, lopopedwa kolimba kwambiri. Chidawasocheretsa n'chiyani? Choyamba, poyesa matayala m'mafakitale ankawagubuduza pa mgolo wachitsulo wosalala, ndipo pamalo osalala choncho tayala lolimba limaonekadi lopepuka. Chachiwiri, tayala lolimba limakunjenjemeretsa, ndiye mtima umakuuza kuti ukuuluka, pamene mwina sukuthamanga n'komwe.

Cha m'ma 2006, Jan Heine ndi anzake a magazini ya Bicycle Quarterly ku America adayamba kuyesa matayala pa msewu weniweni, munthu ali pa njinga, akutsetsereka pa chitunda n'kumawerenga nthawi. Adapeza kuti tayala lonenepa la mphira wofewa bwino silichedwa kuposa lowonda, ndipo pa msewu wa mabampu limaposa. Lero akatswiri a mpikisano wa Tour de France ambiri amathamangira matayala a mamilimita 28 kapena kuposa, ndipo mu mpikisano wa Paris–Roubaix, umene umadutsa m'misewu ya miyala ya kumidzi, ena amafika pa 32. Ndiye kuti pang'onopang'ono akubwerera kufupi ndi 38 wa abambo athu. Mawu a akulu akoma akagonera.

Chifukwa chake ndachimvetsa motere. Mphamvu ya miyendo yathu imatayika m'njira zitatu tayala likamagubuduka.

Yoyamba ndi kupindika kwa mphira. Pamene tayala lakhudza pansi limaphwatalala pang'ono, likazungulira n'kubwereranso m'malo mwake. Kupindika ndi kuwongoka kumeneku kumadya mphamvu. N'chifukwa chake kupalasa njinga yakuphwa kumalemetsa ngati ukukoka ngolo. Tsono matayala awiri akapopedwa mofanana, malo amene akhudza pansi amakhala ofanana kukula, koma osiyana maonekedwe. Lowonda limasiya chidindo chachitali ngati tsamba la nsungwi, lonenepa limasiya chachifupi, chobulungira. Chachitali chija ndiye kuti mphira wapindika kwambiri. Mukhoza kudzionera nokha: nyowetsani tayala, muliimike pa khonde la simenti munthu atakhala pachishalo, muone chidindo.

Yachiwiri ndi kugwedezeka. Tayala lolimba ngati mwala likagunda kamwala, njinga yonse, inu, ndi thumba lanu la makilogalamu 50, zonse zimanyamuka m'mwamba n'kugwanso. Amene wanyamula zonsezo ndani? Ndi miyendo yanu. Tayala lonenepa la mpweya woyenera limangokameza kamwalako, njinga n'kupitirira. Ndi zomwe zija adaona Dunlop pabwalo pake.

Yachitatu ndi kutitimira. Mayi wovala nsapato ya gogoda ndi mayi wovala patapata akayenda pa mchenga wa kumtsinje, mukudziwa amene afike msanga. Tayala lowonda limacheka mchenga ngati mpeni, ndiye nthawi zonse umakhala ngati ukukwera chitunda chimene ukudzikumbira wekha. Anyamata a ku California amene adayambitsa njinga za m'mapiri m'ma 1970 adatola njinga zakale za matayala onenepa, ndipo ndi zidzukulu za njinga zimenezo zimene lero timazitcha mawunteni.

Koma ndisakunamizeni kuti chonenepa chilichonse ndi chabwino. Tayala lonenepa kwambiri limalemera. La mano akuluakulu limagwira bwino m'matope koma limachedwetsa pa tala, mpaka limalira. La mphira wokhuthala, wouma, limatetezadi ku minga koma limadya mphamvu. Ndipo kwa munthu wothamanga kwambiri pa tala wosalala, wopanda katundu, mphepo ndiyo mdani wamkulu, choncho tayala locheperako limamuthandiza. Komanso musandimve ngati ndikuti yendani ndi tayala lakuphwa. Mukasenza chimanga kapena munthu pa kaliyala, onjezerani mpweya kumbuyo, apo ayi limu itsina chubu pa mwala, mupeza timabowo tiwiri toyandikana ngati mano a njoka. Ine ndimapopa lakumbuyo molimba bwino, lakutsogolo ndimalisiya loti chala chikhoza kulowa pang'ono ndikadina.

Wina ati, a bambo inu, nkhani yonseyi ya tayala basi? Eya. Chaka china mwana wathu wachitatu adakomoka ndi malungo pakati pa usiku, mvula itangokata. Njinga yanga idali itathyoka foloko, ndiye ndidabwereka ya mnansi, ya matayala owonda. Pa dambo idatitimira katatu, mpaka tidatsika, mayi ake mwana kumsana, ine ndikukankha. Tidafika kuchipatala kukucha. Mwanayo adachira, lero ali ndi banja lake, koma usiku umenewo sindiuiwala. Kwa a ku Ulaya nkhani ya mamilimita ndi ya mendulo. Kwa ife ndi ya kufika kuchigayo, kumsika, ndi kuchipatala nthawi ikadalipo.

Choncho amene mukugulitsa mbewu mwezi uno ndipo mukulinga zogula njinga, musayambe mwayang'ana utoto. Chikomekome cha mkuyu. Yambani mwaganiza za msewu umene muzidutsa tsiku ndi tsiku, kenako werengani nambala ili pambali pa tayala, ndipo funsani ngati chubu chake chimapezeka pamsika panu.

Mnyamata uja ndakumana naye dzulo akukankha njinga yake pa dambo pomwe paja. Sindidamuseke. Ndamuuza kuti apite nayo kwa okonza akaone ngati foloko ingalole tayala lokulirapo. Nanga inu kwanuko mumayendera lotani, ndipo msewu wanu ndi wamchenga, wamiyala kapena wamatope? Tiuzane, tiphunzitsane.