Kudwala chifukwa cha mankhwala a mbewu: njira zopezera chipukuta misozi

Mbatatesi, tomato ndi kabichi wa ku Bembeke, Kanyama ndi Linthipe salimidwa popanda kupopera. Nthawi ya mvula chiwawu chimabwera msanga, ndipo alimi ambiri amathira Dithane sabata ndi sabata, kuonjezapo cypermethrin kapena dimethoate wophera tizilombo. Mankhwalawa amalowa m'thupi kudzera pakhungu, m'maso, m'kamwa ndi popuma. Munthu akadwala nawo, malamulo a dziko lino amamulola kufuna chipukuta misozi. Koma dziwani kuti mlandu wotere umawina kapena kugwa chifukwa cha zimene mwachita masiku oyambirira, musanaganize n'komwe za khoti.

Umboni umayambira kuchipatala

Mukayamba chizungulire, kusanza, thukuta lambiri, kuchucha dovu, kuona mwachimbuuzi kapena kubanika mutangopopera, vulani zovala zonyowazo, sambani ndi sopo ndipo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadalire mkaka kapena kudzisanzitsa. Nyamulani botolo kapena paketi ya mankhwalawo kuti adokotala awerenge dzina lake, chifukwa chithandizo chimasiyana malinga ndi mtundu wa poizoni.

Apa ndi pamene ambiri amataya mlandu. Zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, ndiye mukapanda kunena kuti mumapopera, m'buku lanu la kuchipatala mulembedwa zina. Nenani dzina la mankhwala, tsiku ndi maola amene munagwira ntchitoyo, ndipo pemphani kuti zilembedwe m'bukumo. Mankhwala a gulu la dimethoate amasiya chizindikiro m'magazi chimene chimazimiririka pakapita nthawi, choncho ngati adokotala akufuna kuyeza magazi kapena kukutumizani ku chipatala chachikulu cha Dedza kapena ku Kamuzu Central, musazengereze.

Sungani botolo ndi chizindikiro chake, kutali ndi ana ndi chakudya. Sungani lisiti, ndi mapepala a ndalama zonse zimene mwaononga pa mayendedwe ndi mankhwala. Ngati muli ndi foni, jambulani botolo, sipuleya yodontha ndi zilonda za pakhungu. Lembani mayina a amene analipo. Uzaninso mlangizi wa dera lanu kuti alembe tsikulo m'buku lake.

Ngati munadwalira pantchito ya wina

Wolembedwa ntchito pa esiteti, pafamu kapena m'nkhokwe ya kampani amatetezedwa ndi lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000. Ubwino wa lamuloli ndi wakuti simufunika kutsimikizira kuti bwana analakwa; chofunika n'chakuti matendawo abwera chifukwa cha ntchitoyo. Amene amalipira ndi wolemba ntchito. Wolumala kotheratu amalandira malipiro ake a miyezi 54, ndipo wantchito akamwalira, amene ankadalira iye amalandira malipiro a miyezi 42. Wolumala pang'ono amalandira gawo la ndalamazo molingana ndi mmene adokotala aonera kukula kwa chilemacho.

Dziwitsani bwana mwamsanga, makamaka polemba kalata n'kusunga ina yanu. Kenako kanenani ku ofesi ya zantchito pa boma la Dedza, osadikira kuti bwana akanene yekha. Pempho lifike chaka chisanathe.

Lamulo lina la 1997, Occupational Safety, Health and Welfare Act, limakakamiza wolemba ntchito kupereka zodzitetezera kwa wogwira mankhwala oopsa. Ngati munatumidwa kupopera opanda magolovesi, ovololo, majombo ndi chophimba pamphuno, nenani zimenezo, chifukwa zingatsegulenso njira ya mlandu wa kunyalanyaza kukhoti.

Alimi otsogolera, mbali iyi ikukhudzaninso inu. Mukalemba mnyamata waganyu kuti akupopereni dimba, n'kumupatsa sipuleya yodontha kumsana atavala kabudula, akadwala angakusumireni ndinu. Mtengo wa magolovesi sungafanane ndi wa mlandu. Ndipo mwana musamupatse ntchito yopopera, ngakhale wanu yemwe.

Ngati munagula nokha mankhwalawo

Njira iyi ndi yovutirapo. Muyenera kuonetsa kuti wogulitsa kapena wopanga analakwa: anakugulitsani mankhwala achinyengo, osalembetsedwa, otha nthawi, kapena opanda malangizo. Lamulo la Pesticides Act la 2000 limati mankhwala aliwonse alembetsedwe ndi Pesticides Control Board, bungwe limene lili ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, ndipo wogulitsa akhale ndi chiphaso chake. Bungweli silipereka chipukuta misozi, koma likafufuza n'kupeza kuti wogulitsa anaphwanya lamulo, zimene lapezazo ndi umboni wamphamvu. Dandaulo la wogula mungalipititsenso ku Competition and Fair Trading Commission ku Lilongwe, potsatira lamulo loteteza ogula la 2003.

Kuno ku Dedza vuto lathu ndi mankhwala oyezera. Tsiku la msika mumapeza amadzi m'timabotolo ta zakumwa ndi aufa m'timapepala, ena olowa kuchokera ku Mozambique ndi malangizo a Chipwitikizi amene ambirife sitiwerenga. N'zoona kuti amatsika mtengo, ndipo si aliyense angakwanitse lita yathunthu. Koma venda wopanda chiphaso, lisiti kapena sitolo mudzamusumira kuti? Ngati lita yakukulirani, sonkhani pa kalabu mugule botolo lomata kwa wogulitsa wovomerezeka, lisiti lisungidwe ndi mlembi.

Khoti limayang'ananso mbali yanu. Ngati munasakaniza ndi dzanja, kuuzira nozo ndi pakamwa, kapena kuika mapilitsi ofukizira chimanga m'chipinda chogona pamene malangizo amaletsa, ndalama zingachepetsedwe kapena mlandu kugwa.

Mlandu wa kuvulala kapena kudwala uyenera kufika kukhoti zaka 3 zisanathe. Wopanda ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu. Ngati nkhani ikukambidwa kwa amfumu ndipo wina akufuna kupereka chipepeso, musasaine pepala lakuti nkhani yatha musanamve kwa adokotala za mmene thupi lidzakhalire, ndiponso musanafunse wodziwa malamulo.

Milandu ya pagulu

Matenda obwera pang'onopang'ono, monga khansa kapena kufooka kwa mitsempha, amavuta kuwalumikiza ndi mankhwala amodzi, ndipo munthu payekha sangalimbane ndi kampani yaikulu. N'chifukwa chake milandu yotere imayenda pagulu. Mu December 2020, alimi a fodya a ku Malawi oposa 7,000, akulu ndi ana, anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial ku khoti lalikulu la ku London. Zina mwa zimene akudandaula ndi kugwira mankhwala opanda zodzitetezera ndi kudwala ndi chikonga cholowa pakhungu pothyola fodya wonyowa. Makampaniwo akukana, koma mu June 2021 khotilo linakana kuuthetsa mlanduwo usanamvedwe. Milandu yotere imatenga zaka.

Wina umene unatha ndi wa fumbi la m'migodi, ndipo ukukhudza mabanja a kuno amene abambo awo anapita ku Theba. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza kuti makampani 6 a migodi ya golide apereke ndalama zokwana 5 biliyoni randi kwa odwala silicosis ndi chifuwa chachikulu. Ndalamazi zimaperekedwa kudzera ku Tshiamiso Trust kwa amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, kapena kwa mabanja a omwalira. Ngati pakhomo panu pali wotere, fufuzani khadi lake la kumgodi, nambala yake ya ntchito ndi mapepala a kuchipatala, mukafunse ku ofesi ya zantchito. Kulembetsa ku Tshiamiso n'kwaulere. Wokuuzani kuti mulipire kaye kuti dzina lilowe ndi wakuba.