Kuchokera pa Sosipani kufika pa kaampu ka m'chipinda

Mnzanga wina wa ku Shikoswe, kuno ku Kafue, anagula kaampu ka gitala kogwirako kale ntchito. Atakayatsa kanangokhala chete, iye n'kuyamba kudandaula kuti wogulitsa wamudyera ndalama. Patapita kanthawi, timabotolo tiwiri tagalasi kumbuyo kwake tinafiira, gitala n'kulira. Agogo ake atasuzumira anaseka, chifukwa timabotolo totere anationapo kale ali mnyamata, m'kati mwa wailesi. Dzina lake ndi mavalavu, ndipo anafika m'nyumba za dziko lino ufulu usanabwere.

Valavu yoyamba anaipanga John Ambrose Fleming ku England mu 1904. Mu 1906, chaka chomwe njanji inaoloka mtsinje wa Kafue pa mlatho wathu uja, Lee de Forest wa ku America anawonjezeramo kawaya kachitatu kamene kanatsegula njira yokuzira mawu. M'botolomo mulibe mpweya. Kawaya kena kakatentha, magetsi amayenda kuchokera mbali ina kupita ina, ndipo timphamvu tochepa tochokera ku gitala ndi timene timalamula kuchuluka kwa magetsi odutsawo. Motero kunong'ona kwa nsambo kumasanduka mawu odzaza nyumba.

Kwa ife nkhaniyi inayamba ndi wailesi. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inatsegulidwa mu 1941, koma anthu akuda okhala ndi wailesi anali owerengeka. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, anafunafuna kampani yoti ipange wailesi yotsika mtengo, mpaka Ever Ready ya ku Britain inavomera. Mu 1949 inatuluka Saucepan Special, yobiriwira ngati thambo, yooneka ngati sefuliya, ya mavalavu 4 ndi batire lalikulu. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire pambali. Cholinga cha atsamunda chinali choti uthenga wa boma uzifika kumidzi ndi m'makomboni, koma anthu anamveramonso gitala ya Alick Nkhata, ndipo anyamata ambiri anakasema mabanjo awo ndi zitini za mafuta.

Pa nthawi yomweyo, mu 1948, kampani ya Fender ku California inatulutsa kaampu ka ophunzira kamene pambuyo pake kanatchuka ndi dzina loti Champ, ka mphamvu ya mawati pafupifupi 5. Oimba anazindikira kuti ukakweza voliyumu mpaka kumapeto, valavu imalemedwa ndipo mawu amasasa mokoma. Akatswiri a magetsi ankaona ngati vuto, oimba n'kulikonda. Jimi Hendrix anakulitsa kusasako ndi maampu akuluakulu a Marshall pamodzi ndi kabokosi kopondapo kotchedwa fuzz.

Mbale za Hendrix ndi anzake zitafika ku Zambia, zinapeza dziko lili ndi ndalama za mkuwa. Kafue yemwe anali kukula, fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals itatsegulidwa mu 1970, ya nsalu ya Kafue Textiles ili pambali. Kumigodi ndi ku Lusaka achinyamata anasakaniza gitala yosasa ndi ng'oma zakwathu, n'kubadwa Zamrock. Rikki Ililonga anali ndi Musi-O-Tunya. WITCH ya Jagari Chanda, yochokera ku Kitwe, inatulutsa Lazy Bones!! mu 1975, chaka chomwe Amanaz inatulutsa Africa. Paul Ngozi ndi Ngozi Family anabwera ndi Day of Judgement mu 1976. Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ku Ndola ankatulutsa mbale zambiri, ndipo Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za muno, oimba anapeza msika.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, katundu wakunja n'kuyamba kusowa. Asilikali a Rhodesia ataphulitsa mabomba muno mu 1978, kunabwera lamulo loletsa kuyenda usiku, madansi n'kuchepa. Disko ndi kalindula zinatenga malo, kenako Edzi inatha oimba ambiri a m'badwo umenewo. Mavalavu nawo anagonja kwa transistor, kachipangizo kotulukiridwa mu 1947, kopepuka, kotsika mtengo ndi kosasweka msanga. Zamrock inadzukanso pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso mbale zakale, ndipo WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023.

N'chifukwa chake wachinyamata wa lero akufuna kaampu kakang'ono. Ampu ya mawati 100 imasasa pokhapokha utaikweza mpaka komboni yonse kudzuka, pamene ya mawati 5 imafika msanga pa mawu amenewo, ngakhale nayonso imatha kukuyambanitsa ndi alandilodi. Pogula, yang'anani kumbuyo: magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo ampu ya ku America ya mavoti 120 imapsa mukailumikiza popanda transformer. Musaiyatse sipika isanalumikizidwe, chifukwa transformer ya m'kati ingawonongeke. Ngati ikusasa msanga, chotsani valavu yaing'ono ya 12AX7, imene imakuza mawu ka 100, muikepo 12AY7 yokuza pafupifupi ka 40. Miyendo yake ndi yofanana. Teroni ampu itazima, itachotsedwa kukhoma ndiponso itazizira. Koma chitsulo chobisa mawaya musachitsegule nokha. M'katimo muli ma capacitor osunga mavoti oposa 300 ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo angaphe munthu. Imeneyo ndi ntchito ya wokonza mawailesi wodziwa mavalavu, ndipo ambiri otere tsopano ndi achikulire.

Mnzanga uja anam'peza mdala mmodzi wotere, amene anam'sinthira ma capacitor okalamba, kung'ung'udza kwa kaampuko n'kutha. Masiku ano malaiti akabwera usiku, amatsitsa voliyumu, n'kutsegula Paul Ngozi pa foni, iye akulondola ndi zala pang'onopang'ono. Agogo amakhala pakhomo, n'kumamuuza akaphonya.