Mabwinja a M'mapiri a Scotland

Msewu wa A82 umachoka mumzinda wa Glasgow, kudutsa m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond, kukwera mapiri mpaka kukafika ku Inverness. Alendo oyenda mumsewuwu amachita chidwi ndi nyanja zabata, malinga amiyala ndi zigwa zobiriwira zopanda anthu. Koma wofuna kudziwa mbiri ayenera kufunsa kuti: kodi eni zigwazi adapita kuti?

Msewuwu umadutsa m'chigwa cha Glencoe. Kumeneku, pa 13 February 1692, asilikali a boma adapha anthu osachepera 30 a fuko la MacDonald chifukwa mfumu yawo idachedwa kulumbira kuti idzamvera Mfumu William. Chomvetsa chisoni n'chakuti asilikaliwo adali atakhala m'nyumba za anthuwo pafupifupi masabata awiri, akudya nawo pamodzi ngati alendo.

Malinga nawonso ali ndi nkhani zawo. Linga la Urquhart, m'mbali mwa Loch Ness, adaliphwasula ndi asilikali a boma pochoka mu 1692 kuti otsatira banja lachifumu la Stuart asalilande. La Eilean Donan, limene alendo amakonda kulijambula, lidagumulidwa ndi sitima zankhondo mu 1719, ndipo lomwe likuoneka lero lidamangidwanso pakati pa 1912 ndi 1932.

Kufupi ndi Inverness kuli Culloden, kumene gulu la Charles Edward Stuart lidagonja pa 16 April 1746. Zitatero boma lidalanda anthu zida, lidaletsa zovala za makolo awo, ndipo lidachotsera mafumu mphamvu zoweruza milandu. Pang'ono ndi pang'ono mfumu idasiya kukhala kholo la fuko n'kusanduka mwini malo wofuna lendi. Poona kuti ubweya wa nkhosa ukubweretsa ndalama kuposa alimi osauka, eni malo adayamba kusamutsa midzi yathunthu. Mu 1814 Patrick Sellar adachotsa mabanja ku Strathnaver ndipo nyumba zidatenthedwa, koma khoti lidamupeza wosalakwa mu 1816. Matenda atagwira mbatatesi mu 1846, njala idathamangitsira enanso ambiri ku Canada ndi ku Australia.

Otsala sadangopinda manja. Mu 1882 alimi a ku Braes, pachilumba cha Skye, adakana kulipira lendi ndipo adalimbana ndi apolisi. Kukanika kotereku kudabala lamulo la 1886 loteteza alimi ang'onoang'ono kuti asachotsedwe mwachisawawa. Mu 1997 anthu a pachilumba cha Eigg adasonkha ndalama n'kugula chilumba chawo, ndipo mu 2018 chilumba cha Ulva nacho chidagulidwa ndi anthu a m'deralo.

Dzina la Ulva likutikhudza ife Amalawi. Agogo ake a David Livingstone adachoka pachilumbachi n'kukagwira ntchito kufakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland, kumene David adabadwira mu 1813. Patapita zaka, mdzukulu wa David, Alexander Livingstone Bruce, adali mwini esiteti ya Magomero, kumene anthu athu ankagwira thangata kuti aloledwe kukhala pamalo. Nkhanza za kumeneko ndi zina mwa zomwe zidautsa John Chilembwe mu 1915.

N'zodabwitsa kuti mtundu umene udalawa ululu wolandidwa nthaka udatulutsanso ana odzalanda nthaka ya ena. Mwina phunziro lake ndi lakuti kuzunzika pakokha sikuphunzitsa munthu chifundo. Chimene chimateteza wosauka ndi lamulo lomveka bwino pa za malo. Choncho mlendo woimika galimoto m'zigwa zija ayang'ane bwino m'udzu, pakuti milu ya miyala imene nkhosa zimadyapo msipu idali makoma a nyumba za anthu.