Kudyetsa nyama zakutchire: zimene alimi a ku Lifidzi ayenera kudziwa

Kudyetsa nyama zakutchire ndi kuzipatsa chakudya mwadala, kapena kusiya chakudya pamene zingachipeze mosavuta. Akatswiri a zanyama amaletsa mchitidwewu chifukwa nyama ikazolowera chakudya cha anthu imasiya kuopa munthu. Ku Lifidzi ndi m'midzi ina ya m'boma la Angónia, mpaka ku Calómuè kumalire ndi Dedza, nkhaniyi imakhudza makamaka anyani, apusi, afisi ndi ankhandwe.

Mmene timazidyetsera osadziwa

Ndi ochepa amene amaponyera nyani chimanga mwadala. Nyama zambiri timazidyetsa mosazindikira. Nkhumba ikafa ndi chigodola, kapena nkhuku zikatha ndi chitopa, ena amangokataya kudambo kapena kuseri kwa khola. Fisi akadya pamenepo kamodzi amabweranso, ndipo tsiku limene sapeza chakufa amalowa m'khola la mbuzi. Agalu nawonso amakoka nyama yotayidwayo n'kufalitsa chigodola m'makola ena.

Mikute ya nsima, makoko a mbatatesi, matumbo otayidwa pamalo ophera nyama pamsika, ndi chimanga chosiyidwa nthawi yaitali pamikukwe, zonsezi zimaitana nyama. Gulu la anyani likaona kuti kumudzi chakudya n'chosavuta kupeza, ana ake amakula akudziwa njira ya kumunda ndi kunkhokwe.

Zimene zimatsatira

Nyama yosaopa munthu imayamba kulanda, ndipo imayambira ana amene amalondera m'minda. Mapeto ake imaphedwa. Ku Cape Town, m'dziko la South Africa, nyani wina wotchedwa Fred anazolowera chakudya cha alendo mpaka anaphunzira kutsegula zitseko za galimoto, ndipo anavulaza anthu. Akuluakulu anamupha m'chaka cha 2011.

Ku Harar, m'dziko la Ethiopia, kuli amuna amene amadyetsa afisi usiku kunja kwa mpanda wa mzinda alendo akuonerera. Umenewu ndi mwambo wa kumeneko, wochitidwa ndi anthu ochepa ouzolowera. Si chitsanzo choti mudzi wa makola a mbuzi ndi ng'ombe utengere.

Matenda a chiwewe

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Koma ankhandwe ndi afisi nawonso amadwala chiwewe, ndipo kudzala n'kumene amakumana ndi agalu athu. Nyama yakutchire yooneka yofatsa, yoyenda masana pakati pa nyumba, ikhoza kukhala yodwala. Musaipatse chakudya, musaigwire.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro zikayamba kuoneka, chiwewe sichichizika.

Zimene lamulo likunena

Ku Mozambique nyama zakutchire zimatetezedwa ndi lamulo nambala 16/2014, lomwe linakonzedwanso ndi lamulo nambala 5/2017. Bungwe la ANAC ndi limene limayang'anira malo osungirako nyama, monga paki ya Mágoè m'chigawo chino cha Tete. Kupha, kugwira kapena kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Mwana wa pusi woleredwa pakhomo amaoneka wosangalatsa akali wamng'ono, koma akakula amaluma, ndipo kubwerera kutchire kumamuvuta.

Zoyenera kuchita

Chiweto chikafa ndi matenda, chikwirireni m'dzenje lakuya kapena chitentheni. Zotsala za chakudya zikwirireni tsiku lililonse. Limbitsani makola, ndipo ziweto zilowe dzuwa lisanalowe. Agalu abayitseni katemera wa chiwewe chaka ndi chaka. Musatchere nyambo ya poizoni: imapha agalu, mbalame ndi nyama zina zosalakwa.

Nyama ikamavutitsa, kapena mukapeza yovulala, dziwitsani mfumu ndi alangizi a ofesi ya SDAE ku Ulónguè. Amene akufuna kuchitira chifundo nyama zakutchire asunge mitengo ya masuku ndi zipatso zina m'mapiri, ndipo apewe kutentha tchire. Nyama ikapeza chakudya kwawo, sikhala ndi chifukwa chachikulu chotsikira kumudzi.