Zipangizo za mlakatuli ndi njira ya Jack Mapanje

Mwana wa ku Chilobwe akafika ku sekondale, aphunzitsi a Chichewa amamulembera pabolodi zipangizo za ndakatulo: mvekero, chibwereza, chining'a, chiphiphiritso. Iye amaloweza kuti akakhoze mayeso, n'kumayesa kuti ndi zinthu za m'buku. Komatu zonsezi anayamba kuzimva kwawo asanagwire pensulo. Sukulu imangozipatsa mayina.

Mvekero ndi mawu ojambula chinthu m'khutu. Agogo akamati usiku kunali zii, kapena magazi anali psuu, womvera amaona zomwe sanaonepo. Chibwereza n'chimene chimagwira nthano kuti isamwazike: wosimba akati "padangokhala", ana amayankha "tili tonse", ndipo kanyimbo ka m'katimo kamabwera kawiri katatu mpaka aliyense wakagwira. Chining'a chimabisa tanthauzo kuti mawu asalase. Pamaliro timanena kuti malemu atsikira kulichete, ndipo namfedwa amamva popanda kumutonera pabala.

Pachimake pa luso lonseli pali kuzimbaitsa, kunena chinthu mokuluwika kuti mwini nkhani amve koma asapeze pokugwirira. Mayi wosinja pamtondo amaimba zodandaula za banja lake osatchula dzina. Apongozi ali pakhonde amamva bwinobwino, koma mlandu palibe, poti ndi nyimbo.

Moyo wa mlakatuli Jack Mapanje ukuonetsa kumene zipangizozi zingamufikitse munthu. Anabadwa mu 1944 m'mudzi wa Kadango ku Mangochi, kwa makolo achiyao ndi achinyanja. Anaphunzira ku Zomba Catholic Secondary School, kenako anadzachita za uphunzitsi ku Soche Hill College, sukulu yotchedwa dzina la phiri lomweli limene a ku Chilobwe amadzuka akuliona. Atapitiriza ku Chancellor College, yomwe panthawiyo inali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba mu 1973, anakhala mmodzi mwa oyambitsa Writers Group mu 1970. M'gululi ophunzira ndi aphunzitsi ankawerengerana zolemba zawo ndi kuzisanthula mzere ndi mzere. Atapita ku University of London, kafukufuku wake anabwerera kumudzi: ankafufuza mmene alembi a ku Malawi olemba m'Chingerezi amagwiritsira ntchito luso la pakamwa la makolo.

Nthawi imeneyo kuzimbaitsa kunali kudziteteza. Mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, buku lililonse linkayang'aniridwa ndi Censorship Board, ndipo liwu limodzi lolunjika linkatha kumutsekeretsa munthu. Apa m'pamene chiphiphiritso, chinthu chooneka choimira ganizo lobisika, chinagwira ntchito yaikulu. Buku loyamba la Mapanje, Of Chameleons and Gods, lomwe linatuluka mu 1981, linatenga nanzikambe. Mmalawi amamudziwa nanzikambe pawiri. Ndi kanyama kosintha mtundu kuti kapulumuke, komanso ndi mthenga wa m'nthano amene Chauta anamutuma ndi uthenga wa moyo, iye n'kuzengereza panjira mpaka buluzi anafika poyamba ndi uthenga wa imfa. Mlakatuli wa nthawiyo ankayenera kusintha mtundu, koma uthenga osautaya.

Kuzimbaitsa kuli ndi malire ake. Bukulo linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo, ndipo mu September 1987 Mapanje anamangidwa. Anakhala kundende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Olamulira anali atamva, monga amamvera apongozi aja, koma iwo anali ndi ndende.

Poti zipangizozi mwana amayamba kuzimva kwawo, ndimafuna kuti phunziro la ndakatulo lizisiya kuyambira pabolodi. Mphunzitsi ayambe wafunsa ana zomwe anamva dzulo kumsika wa Chilobwe, mu minibasi kapena pamaliro, kenako awauze dzina la chipangizo chimene abweretsacho. Mwana akazindikira kuti chining'a ndi chake kale, amasiya kuloweza n'kuyamba kulakatula.